Kuwongola Bwato la Apongozi

Lolemba

Tili ku Mlowe, ine ndi mkazi wanga Tiwonge. Tchuthi cha sabata imodzi. Ena akapita kwa apongozi amanyamula shuga ndi sopo. Ifenso tanyamula, koma ine ndawonjezerapo laputopu ndi nzeru.

Nkhani ndi iyi. Bwato la adada, bambo ake a Tiwonge, lang'ambika. Mng'alu wachokera kumphuno mpaka cha pakati. Analisema okha kalekale, Tiwonge asanayambe sukulu. Chiyambire dzinja langokhala chovundikira pa zipika ziwiri pansi pa mtengo wa mango, ndipo adada sanalowenso m'nyanja. Amangokhala pakhonde n'kumasoka maukonde a anthu ena. Mtengo waukulu wosemera lina kulibenso kuno. Mabwato a matabwa amene amakhoma a Mhango kuseri kwa msika, adada amawakana. Akuti, “Samandimvera.”

Ndiye ndaganiza: tikhome la matabwa, koma lofanana ndendende ndi lakalelo.

Ku ofesi ku Lilongwe ntchito yanga ndi yomweyi. Ndimajambula madenga okhotakhota a nyumba zomwe zambiri sizimangidwa. Umajambula mizere yokhota ingapo, n'kuiimika motsogozana ngati nthiti, kenako pulogalamu imayala khungu pamwamba pake. Ukasintha nambala imodzi, nthiti imasuntha, khungu lonse n'kutsatira lokha. Nanga denga si bwato lovundikira basi?

Dongosolo:
1. Lachiwiri, kuyeza nthiti zisanu ndi zinayi.
2. Lachitatu, kuyala khungu.
3. Lachinayi, kuonetsa adada. Adada kudabwa.
4. Lachisanu, kutambasula khungu likhale mapepala odulira matabwa, kupereka kwa a Mhango.
5. Loweruka, kupuma ndi kuyamikiridwa.
6. Lamulungu, kubwerera mwaulemu.

Ndikufuna adada abwerere m'madzi, zoona. Koma ndisadzinamize m'buku langa lomwe: nambala 3 ndikuifunanso kwambiri. Zaka zinayi m'banja, sanamvetsebe chimene ndimagwira. Wina akafunsa amati, “A mkweni amagwira za makompyuta,” motsitsa mawu, monga munthu amanenera za matenda a m'bale wake. Mkweni ndiye mkamwini kuno. Ndiye ine.

Ndawafotokozera dongosolo lonse ndili chonjuta. Ayang'ana bwato, ayang'ana ine.

“Yewo.”

Mawu amenewa kuno ndi moni, ndi zikomo, ndi “ndamva.” Sindikudziwa kuti yewo wa lero ndi uti.

Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kanga kali pa chaja.

Lachiwiri

Zimene ndaiwala ku Lilongwe: tepi yoyezera.
Zimene ndakumbukira: mausi awiri a kompyuta.

Amama, mayi ake a Tiwonge, andibwereka tepi yawo yosokera madiresi. Yachikasu, yofewa, manambala mbali zonse ziwiri.

Njira yanga: ndikulemba ndi khala malo asanu ndi anayi pamsana pa bwato. Pa malo aliwonse ndikupinda waya kutsatira mimba yake, kuyambira mlomo wa mbali ya ku mango, kukwera, kutsikira mlomo wa mbali ya kunyanja. Ndikugoneka wayayo pa pepala la thumba la simenti, ndikuyeza, ndikutchula manambala, Tiwonge akulemba.

Waya ali ndi maganizo akeake. Ukangomuchotsa pa bwato amadzinyolola pang'ono. Ndikumubwezera. Akudzinyololanso.

Nthiti yachisanu. Amama akubwera ndi lichero la usipa, akukhala mumthunzi, mbali ya ku mango, penipeni pamene ndimayambira kuyeza. Ine wa ku Dedza! Kwathu mkamwini saimirira pamutu pa apongozi aakazi, ngakhale nyumba ikupsa. Ndazungulira mwakachetechete, ndayeza nthiti imeneyo kuchokera mbali ya kunyanja. Amama akuseka: “A mkweni, ine sindiluma yayi.” Atapita kukayanika pa thandala, ndabwerera mbali yanga.

Adada atiyang'ana tsiku lonse ali pampando wawo. Mawu awo onse a lero ndi awa: “Mukuyeza mbali zonse ziwiri?” Ndati inde. Abwerera ku ukonde wawo.

Manambala a kumanzere ndi a kumanja sakugwirizana. Okayikiridwa:
waya,
kalembedwe ka Tiwonge,
ukalamba wa bwato.

Titamaliza ndakhala kanthawi ndikulisisita. Zipsera za kasemasema zikadalipo, ting'onoting'ono, zotsatizana, ngati mamba. Pa bwato lonseli palibe mzere wowongoka ndi umodzi womwe. Munthu analibe tepi, analibe pepala. Anangoyang'ana mtengo n'kuchotsa chosafunika. Ine ndimayamba ndi nthiti n'kufunafuna khungu. Iwo anayamba ndi khungu, nthiti ndabwera nazo ndine.

Msana ukuwawa. Khala lili mpaka m'makutu.

Lachitatu

Batire ya sola ili ndi mzere wake: foni ya amama, wailesi ya adada, foni za anansi awiri, kenako laputopu ya mkamwini. Ndayamba ntchito dzuwa lili pamutu.

Kuyala koyamba. Ndadina. Chatuluka chinthu cha mimba ya mvuu ndi mphuno ya usipa! Nthiti zitatu zoyambirira n'zazing'ono ngati za mwana. Ndaitana Tiwonge ndi mawu a mkulu wa ofesi. Wayang'ana, wabweretsa tepi, waitembenuza. Mbali imodzi masentimita, mbali ina mainchesi. Wafunsa modekha: “Amawerenga tepi anali ndani?”

Ndafufuza bwinobwino. Anali ine.

Kuyala kwachiwiri. Mayo! Bwato layamba bwino, lafika pakati lapotokola ngati chitenje chofinyidwa, pansi pabwera pamwamba, kenako lapitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Nthiti yachisanu.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Mzere uliwonse mu pulogalamuyi uli ndi mutu ndi mchira, poyambira ndi pothera. Pulogalamu sidziwa bwato, sidziwa nyanja. Imangolumikiza mutu ku mutu, mchira ku mchira. Nthiti zisanu ndi zitatu mitu yawo ili ku mango. Yachisanu mutu wake uli kunyanja, chifukwa mwini wake ankathawa apongozi. Ulemu wanga wonse wa ku Dedza uli apo pa sikirini, wopotoka, aliyense auone.

Tiwonge waseka mpaka kukhala pansi. Wapita kukawauza amama. Ndikumva kukhitchini akuseka awiri. Kenako atatu, mnansi walowa.

Kutembenuza mzere ndi batani limodzi. Ndadina. Lawongoka.

Kuyala kwachitatu. Tsopano likuoneka bwato, koma la munthu woledzera. Khungu lili ndi zibuma paliponse pamene waya ananama. Komanso mphuno yapendekera kumanja, pafupifupi zala zinayi, ndipo mimba ya kumanzere ndi yonenepa kuposa inzake. Zibuma n'zanga, ndikuvomera. Kupendekerako ndikuganiza kuti ndi dzuwa ndi zaka. Mtengo umapindika ukakalamba, ngati anthu.

Mawa ndikonza zonse.

Lachinayi

M'mawa wabwino kwambiri pa sabata yonse. Ndikulemba kuti ndidzakumbukire kuti unalipo.

Nthiti iliyonse inali ndi timadontho tochuluka zedi, kadontho kalikonse kakukoka khungu kupita kwake. Ndachepetsa. Ndi zimene ndimakonda pa ntchitoyi: mzere wokhota bwino sufuna olamula ambiri. Timadontho tisanu, n'kuusiya upeze njira wokha. Zibuma zasungunuka.

Kupendekera kuja ndathana nako mosavuta. Ndadula bwato pakati kutalika kwake, ndataya theka la kumanzere, ndauza pulogalamu ikope theka la kumanja ngati pa galasi. Mphuno ndaibwezera pakati penipeni. Taonani! Losalala, lolingana, lokongola ngati dzira. Ndalipaka mtundu wa mtengo. Ndaikanso madzi pansi pake, abuluu, amene sanapemphedwe ndi aliyense.

Ndasamba. Ndavala shati ya kolala.

Masana. Ndagwada pakhonde, laputopu pa mpando wa ndalema. Ndikulizungulitsa ndi chala, pamwamba, pansi, kutsogolo. Adada avala magalasi awo a ku tchalitchi. Ayang'ana nthawi yaitali ndithu. Apempha ndiliimike moyang'anizana nawo, mphuno kutsogolo. Ayang'ananso.

“Lokongola chomene,” akutero. Ndayamba kale kumwetulira. “Nanga n'la ndani?”

Ndati ndi lawo.

“Langa ili? Ayi. Mwina la abusa.”

Avula magalasi, awapinda, abwerera ku ukonde. Amama akuti ndidye chinangwa chisanazizire.

Nambala 3 ya dongosolo: adada kudabwa. Wodabwa ndi ine.

Ndakwiya, ndisabise. Ndawachotsera zolakwa zonse, ndawapatsa bwato lawo monga linalili lisanakalambe, ndiye akuti n'la abusa? Tiwonge akuti ndikanawafunsa kaye. Kufunsa chiyani? Manambala ndili nawo.

Lachisanu

Sindibwerera m'mbuyo. Nambala 4.

M'mawa ndauza pulogalamu itambasule khungu likhale lafulati, tione mmene thabwa lililonse lidulidwire. Yakana. Ndaumiriza. Yatambasula, koma yang'amba m'mbali monse ndi kukwinya pakati, ngati khungu la lalanje ukaliponda. Izinso ndimazidziwa, ndinangosankha kuziiwala: chinthu chokhota mbali ziwiri nthawi imodzi sichigona pansi mwamtendere. Mimba ya bwato losema ndi yozungulira ngati mphika, milomo n'kubwerera m'kati. Ndalidula m'timizere tating'ono kuti litheke. Matabwa makumi anayi ndi limodzi, ena opyapyala ngati lamba.

Ndapita nazo kwa a Mhango. Ndawapeza akupala thabwa, pensulo kukhutu. Ayang'ana mapepala anga mwaulemu.

“Thabwa limapinda njira imodzi, achimwene, ngati bondo. Izi mwajambulazi ndi dengu. Mukapeze woluka.”

Kenako aona chithunzi cha bwato lonse. Afunsa ngati ndi la adada lija. Ndati inde, ndangoliwongola pang'ono poti linapindika ndi ukalamba. Aika pansi chopalira. Aseka, osati monyoza, koma ngati munthu amene wamva nyimbo yakale.

Zimene andiuza, mwachidule:

Adada ali mnyamata anagwa ndi njinga ya nsomba pa chitsikiro popita ku Henga. Phewa la kumanzere silinabwererenso bwino. Chiyambire pamenepo amapalasa mbali imodzi yokha, ya kumanja. Bwato lowongoka ukalipalasa kumanja kokha limakhotera kumanzere, umangozungulira. Ndiye posema lawo analipendeketsa dala, kuti lizikokera kumanja pamene nkhafi ikukankhira kumanzere. Ziwirizo zikakumana, bwato limayenda mowongoka ngati chingwe.

“N'chifukwa chake silinabwerekedwepo,” akutero a Mhango. “Wina analiba usiku wina. Linamubweza pagombe pomwepo.”

Zala zinayi zija. Mimba yonenepa ija. Ine ndinazitaya ndi batani limodzi, n'kupaka madzi abuluu.

Safunsa anadya phula.

Pobwerera ndayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu. Ndamuuza Tiwonge. Za phewa amadziwa, za bwato ayi. Akuti ali mwana ankaganiza kuti abambo onse amanyamula zinthu ndi dzanja limodzi.

Manyazi ndili nawo, koma pansi pake pali chisangalalo. Tsopano ndadziwa chimene ndikujambula.

Loweruka

Tsiku lopuma ndi kuyamikiridwa. Ndadzuka tambala wachiwiri asanalire bwino, ndalanda batire amama asanaione.

Galasi ndachotsa. Theka la kumanzere ndalibwezera, lonenepa monga linalili. Mphuno yabwerera kumanja. Ndachitanso chinthu chimene ndikunyadira: ndamangirira kupendekera konse ku nambala imodzi, yokhala ndi kokokera kake pa sikirini. Ukakakokera kumanzere, bwato la abusa. Ukakakokera kumanja, mphuno ndi mimba zimakhota pamodzi. Nambalayo ndaitcha phewa. Za matabwa, a Mhango akuti tingachepetse mimba, bola kupendekerako kukhalepo. Zitheka!

Amama ndi Tiwonge apita kumsika. Pakhonde tatsala awiri.

Ndapepesa kaye. Ndati ndinawongola chimene sichinali chokhota. Avala magalasi. Ndaika phewa pa zala zinayi.

“Ili ndiye langa.”

Ndadikira mawu amenewa zaka zinayi. Ndikanatseka laputopu pomwepo.

Koma ayi, ndafuna kuonetsa luso. Ndawaonetsa kokokera, ndati atha kusankha okha mmene latsopano lipendekere. Aika chala chawo chokhakhala pa mausi, ine ndikuwagwira dzanja. Akoka. Zala zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Akokabe. Kafika kumapeto, bwato lapindika ngati nthochi. Akukokabe, mausi afika m'mphepete mwa mpando.

“Pathera apa?”

Ndati inde, koma nditha kuwonjezera.

“Musawonjezere.” Asiya mausi. Ayesa kukweza dzanja la kumanja, labwino lija. Lafika pa chifuwa, laima. Nkhope yawo yachita tsinya, alitsitsa ndi linzake. “Ilinso latha, a mkweni. Chiyambire dzinja. Mu makina mwanu muli phewa limodzi.”

Ndayang'ana ku mtengo wa mango. Mng'alu uja ndauyeza Lachiwiri, ndikuudziwa m'lifupi mwake. Mabwato onse pagombe pano ali ndi zigamba za malata ndi phula. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Munthu amene anasema bwato lonse ndi maso okha sangalephere chigamba. Sabata yonse funso loti bwanji sanaike chigamba silinandibwerere m'mutu.

Iwo aona kumene ndikuyang'ana.

“Bwato likang'ambika, anthu amati bwato latha. Mukandikhomera latsopano n'kukhala pamchenga, adzati chatha n'chiyani?”

Amama sakudziwa zonse, akuti amangoganiza kuti ndi nyamakazi ya nyengo yozizira. Tiwonge sakudziwa. Adzawauza okha, akutero, akapeza mawu ake. Andipempha chinthu chimodzi chokha, ndipo sanachitchule. Angoyang'ana laputopu, n'kuyang'ana ine.

Ndatseka.

Ndinabwera kudzawabwezera m'madzi. Masiku asanu ndakhala ndikugwetsa mpanda umene munthu anabisalako, ndili ndi shati ya kolala.

Amama atabwera afunsa kuti zili pati. Ndati kompyuta ikuvuta pang'ono.

Lamulungu

Ku tchalitchi. Nyimbo za Chitumbuka, ine ndikutsegula pakamwa pa mavawelo okha.

Potuluka, pabwalo, anthu atizungulira. Mbiri inafika kale kuti mkamwini wa ku Lilongwe akutulutsa bwato mu kompyuta. Mkulu wina wa mpingo afunsa kuti likhomedwa liti. Adada ali pambali panga, manja kumbuyo.

Ndati sizitheka. Ndati pulogalamu yalephera, bwato la adada n'lovuta kwambiri, makina sakulimvetsa.

Zimene ndakolola:
“Tinanena ife.”
“Sukulu yonse ija?”
“Akanangogula phula.”
Mayi wina wandigwira dzanja ngati pamaliro.

Wokweza mawu kuposa onse ndi adada. “Ana a masiku ano! Sabata yathunthu kuyeza bwato ndi tepi ya madiresi. Ndiye ine ndizingokhala pakhonde, nditani nanga?” Anthu aseka. Iwonso aseka, kuseka kwenikweni, koyamba chifikireni.

Ndiye basi. Ku Mlowe ndidzadziwika mpaka kalekale ngati mkamwini amene kompyuta yake inagonja kwa chipika. Fayilo ili bwinobwino, yolondola kuposa denga lililonse limene ndinajambulapo, ndipo palibe adzaione. Tiwonge wandiyang'ana nthawi yaitali tikulongedza. Amandidziwa, sindivomera kulephera msanga chonchi. Wati, “Tikakambirana kunyumba.” Sindikudziwa kuti ndikamuuza chiyani. Si nkhani yanga, koma ndi bambo ake.

Dongosolo, nambala 6, kubwerera mwaulemu: ayi.

Atiperekeza mpaka pamsewu. Amama ndi Tiwonge patsogolo ndi thumba la usipa, ine ndi adada m'mbuyo. Minibasi yaima, kondakitala akukuwa za Mzuzu. Ndikuwerama kutsanzika, adada asendera pafupi, mawu pansipansi kuti ena asamve.

“Chaka chamawa mubwerenso, a mkweni. Mudzalepherenso.”

Ndati ndidzayesetsa.

Ndakhala pampando wa kumbuyo, laputopu pamiyendo, usipa wa munthu wina paphewa.